Madzi Akalowa M'kanjira Kochepa Ngati Tsitsi

Amene mwakhala kumbuyoko mukundimva? Chabwino, tiyambepo.

Ndiyambe ndi funso. Ndani pano amene sanabayidwepo pachala kuchipatala pomuyeza malungo? Palibe, eti? Tonse timakadziwa kapulasitiki koyera kaja. Adokotala amadonthezera magazi pa kabowo kamodzi, timadontho ta mankhwala pa kabowo kena, kenako n'kukuuzani kuti kadikireni panja. Pakatha mphindi 15 kapena 20, pakazenera paja pamaoneka kamzere kamodzi kapena iwiri.

Tsono taganizani. M'kapulasitikimo mulibe batire, mulibe pampu, mulibe waya. Kagona chogona patebulo, ndiye simunganene kuti magaziwo akutsetsereka. Nanga akuwakankha ndani? Ndipo bwanji tiyenera kudikira mphindi zonsezo? Nkhani yanga lero ndi imeneyi: mmene madzi amayendera akalowa m'tinjira tating'ono kwambiri. Asayansi amati microfluidics, ndipo tinjirato tikachepa kufika polekezera amati nanofluidics. Mayinawo asakuopseni. Ndi fizikisi yomwe ija ya m'kalasi, kungoti yavala malaya ena.

Tigwirizane kaye za miyeso. Tengani rula, muone milimita imodzi. Igaweni ka 1,000. Kagawo kamodziko ndi micrometre. Tsitsi la munthu ndi lonenepa ma micrometre pafupifupi 70. Selo lofiira la magazi ndi ma micrometre 7 kapena 8. Tsopano micrometre imodziyo igaweninso ka 1,000, mwapeza nanometre. Mamolekyu atatu a madzi mutawandanditsa angokwana nanometre imodzi. Ndiye tikamati tinjira tating'ono, tikunena ngalande zoyambira pa tsitsi kutsika m'munsi.

Madzi akamayenda, pali zinthu ziwiri zimene zimalimbirana. Choyamba mumachidziwa pa kabaza. Wakabaza akasiya kupalasa, njinga siima pomwepo, imapitabe ndi liwiro lomwe yatenga kale. Madzi nawo ali choncho, akayamba kuthamanga safuna kuima kapena kukhota. Chachiwiri mumachidziwa pa phala. Takasani phala, musiye, limaima nthawi yomweyo. Phala limagwirana lokhalokha, limakanirira ku poto, limameza liwiro lonse. Pachingerezi kukanirira kumeneku amati viscosity. Uchi uli nako kwambiri, madzi ali nako pang'ono, koma ali nako ndithu.

Mu 1883, ku Manchester, Osborne Reynolds anatenga paipi yagalasi, n'kumadutsitsamo madzi. Pakati penipeni analowetsamo kamzere ka utoto. Madzi akamayenda pang'onopang'ono, utoto uja unkayenda mowongoka ngati ulusi, kuyambira kuno mpaka kumapeto. Akawonjezera liwiro, pankafika pena pomwe ulusi uja unkayamba kunjenjemera, kenako n'kubalalika, paipi yonse n'kudzaza utoto. Iye anapeza kuti pali nambala imodzi imene imakuuza zomwe zichitike. Umachulukitsa liwiro la madzi ndi kukula kwa paipi ndi kulemera kwa madziwo, n'kugawa ndi kukanirira kuja. Lero timaitchula kuti nambala ya Reynolds. M'paipi ikapyola pafupifupi 2,000, chipwirikiti chimayamba. Ikakhala yochepa, madzi amayenda mwaulemu, aliyense mumzere wake ngati ana asukulu polowa m'kalasi ahedi ataima pakhomo.

Tiyeni tiike manambala. Madzi otuluka pampopi mutatsegula kwambiri, nambala yake imapyola 10,000. Munthu wosambira kunyanja, imafika mamiliyoni. Koma kanjira kotakata ma micrometre 100, madzi akuyenda milimita imodzi pa sekondi, nambala yake ndi 0.1. Mwamva? Osati 100, osati 1, koma 0.1. Mmenemo kabaza alibe mawu, mfumu ndi phala. Madzi omwewo, amene mumasamba tsiku lililonse, akalowa mmenemo amachita ngati uchi.

Pali munthu wina wa fizikisi wa ku America, Edward Purcell, yemwe mu 1976 anakamba nkhani yotchuka yofotokoza moyo wa tizilombo m'dziko lotereli. Bakiteriya ngati E. coli ndi wamtali ma micrometre awiri, ndipo amasambira ma micrometre pafupifupi 30 pa sekondi. Purcell anawerengera kuti kachilomboko kakasiya kusambira, kamatsetsereka mtunda wosakwana n'komwe kukula kwa atomu imodzi. Kuima ndi pomwepo, basi. Ndipo pali china chodabwitsa. Inu m'madzi mutha kukankha manja mwamphamvu kupita kumbuyo, n'kuwabweza mofatsa, mupita kutsogolo. Kwa bakiteriya zimenezo sizigwira. Akakankha n'kubweza njira yomweyo, kaya mwachangu kaya mofatsa, amabwerera pomwe anali. N'chifukwa chake ali ndi kamchira kopiringizika komwe kamazungulira ngati sikulu ikamalowa m'thabwa. Posambira kamazungulira, sikakankha n'kubweza njira yomweyo.

Amene muli ndi bandulo, mukafufuze pa YouTube zoyesera za Geoffrey Taylor wa ku Cambridge. Amaika dontho la utoto m'madzi onanda pakati pa zitini ziwiri zagalasi, china mkati mwa chinzake. Amazungulitsa chamkaticho kangapo, utoto uja n'kumwazika. Kenako amazungulitsa chobwerera, ndipo utoto uja umasonkhananso n'kukhala dontho ngati poyamba. Ukaonera koyamba umati ajambula mobweza filimu. Ayi, ndi mmene zilili nambala ya Reynolds ikachepa.

Tsono izi zimabweretsa vuto lalikulu kwa opanga zipangizo. Kuyeza magazi kulikonse kumafuna kusakaniza, magazi akumane ndi mankhwala. Pa kapu ya tiyi mumatenga sipuni, kutakasa kawiri katatu, shuga wasungunuka. Chimene chimakuthandizani ndi chipwirikiti chija. M'kanjira kakang'ono mulibe chipwirikiti. Lumikizani tinjira tiwiri ngati chilembo Y, kwina mulowetse madzi ofiira, kwina oyera. Akakumana sasakanikirana. Amayenda moyandikana, ofiira kumanzere, oyera kumanja, malire ake owongoka ngati a mankhwala otsukira mano a mizeremizere aja.

Chimene chimatsala ndi kuyendayenda kwa mamolekyu eniake. Molekyu iliyonse m'madzi imagundidwa ndi anzake mbali zonse, imapita uku, kubwerera, kupita uko, ngati munthu woledzera wosadziwa kwawo. Pang'ono ndi pang'ono imatalikira pomwe inayambira. Amati diffusion. Lamulo lake ndi ili, ndipo ndikufuna muligwire: mtunda ukawirikiza kawiri, nthawi imawirikiza kanayi. Mtunda ukawirikiza ka 10, nthawi ka 100. Molekyu yaing'ono m'madzi imadutsa micrometre imodzi nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Ma micrometre 100, masekondi pafupifupi asanu. Sentimita imodzi, maola pafupifupi 14. Ndiye mukadikira kuti shuga akwere yekha kuchokera pansi pa kapu, tiyiyo mudzamwa mkuja. Koma m'kanjira kochepa zedi, ulesi womwewu umasanduka changu. Mamolekyu akuluakulu ngati mapuloteni ndiye amachedwa kuposa apa, mwina ka 10 kapena kuposerapo, ndipo apo mpomwe mainjiniya amatuluka thukuta.

Mu 2002, Abraham Stroock ndi anzake mu labotale ya George Whitesides ku Harvard anapeza njira yosavuta. Pansi pa kanjira anagobapo timizere topendekeka, tooneka ngati minga ya nsomba. Madzi akamadutsa pamwamba pake amapotoka, n'kumapindika ngati mmene amayi amapindira mtanda wa mandasi, kuutambasula, kuupindanso. Ofiira ndi oyera aja amasanduka timagawo tambirimbiri topyapyala, ndipo gawo likapyapyala, mamolekyu amalidutsa msanga. Ine ndimaikonda nzeru imeneyi chifukwa sanalimbane ndi lamulo, anangolizungulira kumbuyo.

Vuto lachiwiri ndi kukankha. Cha m'ma 1840, dokotala wa ku France, Jean Poiseuille, pofuna kumvetsa mmene magazi amayendera m'mitsempha, ankayeza madzi m'timapaipi tagalasi. Anapeza kuti ukachepetsa kutakata kwa paipi ndi theka, kutalika kwake ndi mphamvu yokankhira zili chimodzimodzi, madzi odutsa sachepa ndi theka. Amachepa ka 16. Ukaichepetsa ka 10, amachepa ka 10,000. Yesani kumwa thobwa ndi kachubu ka inki ya bolopeni, mundiuze. Ndiye kukankha madzi m'tinjira totere ndi pampu n'kowawa, ndipo kachitsotso kamodzi kapena kathovu kamodzi ka mpweya kamatseka zonse.

Mwamwayi, dziko laling'onoli lili ndi pampu yake yaulere. Munaonapo nyerere itagwera m'dontho la madzi? Imavutika kutuluka ngati yagwera mu ulimbo. Kwa ife dontho si kanthu, koma kwa iyo pamwamba pa madzi pali ngati kachikopa kokoka. Chinthu chikamachepa, mkati mwake mumachepa msanga kuposa kunja kwake, ndiye mphamvu za pakhungu zimayamba kuposa kulemera. Mamolekyu a madzi amakokana okhaokha, ndiponso amakokedwa ndi makoma ena monga galasi, thonje ndi pepala. Imikani kapaipi kagalasi kotakata mamilimita awiri m'madzi, madzi akwera okha sentimita imodzi ndi theka. Kachepetseni ka 10, akwera masentimita 15. Ndi mmene palafini amakwerera chingwe cha koloboyi. Agogo athu akhala akugwiritsa ntchito fizikisi imeneyi usiku uliwonse popanda kuitchula dzina.

Tabwerera kuchipatala kuja. M'kapulasitiki muja muli kampango kapepala kapadera ka nitrocellulose, kodzaza ndi timibowo ta ma micrometre ochepa. Timibowoto ndi zingwe za koloboyi zikwizikwi. Magazi omwe amatenga ndi ma microlitre asanu, ndiye kuti lita imodzi muigawe ka 200,000. Timadontho ta mankhwala tija timaswa maselo ofiira, n'kuwasungunula kuti ayende. Panjira amadutsa pamalo pomwe anaumitsirapo timibulu ta golide, kalikonse ma nanometre pafupifupi 40. Inde, golide weniweni. Akachepa chonchi saonekanso wachikasu, amaoneka wofiira. Pa kambulu kalikonse anamatirirapo chitetezo chomwe chimagwira puloteni imodzi yokha, ndipo m'zoyezera zambiri imeneyi ndi HRP2, yomwe imapangidwa ndi Plasmodium falciparum, kachilombo ka malungo oopsa aja. Ngati puloteniyo ilimo m'magazi, imakwera pa golide n'kuyenda naye limodzi. Kutsogolo kuli kamzere kosaoneka ka chitetezo china chomatidwa papepala. Chimagwira puloteniyo pamodzi ndi golide wake, golide amaunjikana, kamzere kofiira n'kutulukira. Kutsogolo pang'ono kuli kamzere kachiwiri, kolembedwa C, komwe kamagwira golide kaya malungo alipo kaya palibe. Ntchito yake ndi kuchitira umboni kuti madzi anafikadi. C akapanda kuoneka, zotsatirazo n'zotaya, ayeze kachiwiri.

Apa ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe fizikisi imakhudza moyo wa mwana wodwala. Mu 1921 Edward Washburn analemba lamulo la madzi okwera m'timibowo, ndipo likufanana ndi la woledzera uja: kuti madzi afike mtunda wowirikiza kawiri, amafuna nthawi yowirikiza kanayi. Amayamba mothamanga, kenako amazilala, chifukwa mphamvu yokoka kutsogolo ndi yomweyo koma mzere wa madzi ofunika kuukoka ukunka nutalika. Kuchedwako si vuto, ndi dala. Puloteni ija imafuna nthawi yoti iyendeyende m'kabowo mpaka igunde khoma pomwe pali choigwira. Madzi akathamanga kwambiri imapitirira osagwidwa. Ndiye ngati tizilombo tili tochepa m'magazi, kamzere kamatuluka mochedwa ndiponso mozilala. Mukawerenga pa mphindi zisanu chifukwa mzere wa odwala watalika, mutha kuuza mayi kuti mwana alibe malungo pamene ali nawo. Mukasiya mpaka ola latha, pepala layamba kuuma, timizere tabodza titha kuoneka. Mukathira magazi ochuluka, kazenera konse kamafiira, kamzere kozilala kaja n'kubisika. Mankhwala aja akatha n'kuthira madzi wamba m'malo mwake, zonse zasokonekera. Choncho adokotala akakuuzani kuti dikirani, si nkhanza kapena ulesi. Ndipo inu amene mumaperekeza odwala, musamawakakamize kuti tangoonani msanga basi.

Kanthu kenanso: HRP2 imatha kutsalira m'magazi kwa milungu ingapo munthu atamwa mankhwala n'kuchira. Ndiye mukapitanso kuchipatala, muziwauza ngati mwangomaliza kumene mankhwala a malungo.

Mbiri yake ndingoidutsa. Mu 1990 Andreas Manz ndi anzake ku Basel, ku Switzerland, ndi amene anafalitsa ganizo loti ntchito yonse ya labotale ingathe kulowa pa kachidutswa kamodzi kakang'ono. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 gulu la Whitesides linaonetsa mmene mungaumbire tinjirati mu labala wofewa woonekera mkati wotchedwa PDMS, zomwe zinatchipitsa ntchitoyi kwambiri. Mu 2007 gulu lomwelo linayamba kujambula tinjira papepala. Pulinta ya inki nayo ndi m'bale wa zimenezi, imalavula timadontho tosaoneka ndi maso zikwizikwi pa sekondi. Ndipo makina a GeneXpert, omwe ali m'zipatala zambiri kwathu kuno, amene bungwe la WHO linawavomereza mu December 2010 poyezera chifuwa chachikulu, amayendetsa makhololo kuchoka m'kachipinda kupita m'kachipinda mkati mwa kabokosi kapulasitiki, zotsatira n'kutuluka m'maola awiri. Kumeretsa tizilombo ta TB mu labotale kumatenga milungu.

Tsopano titsike ku nanometre, komwe zinthu zimasinthanso. Galasi likakhudzana ndi madzi, khoma lake limakhala ndi chaji ya negetivu. Ndiye tizidutswa ta mchere tokhala ndi chaji ya pozitivu timaunjikana pakhomapo. M'madzi amchere ngati a m'thupi mwathu, gulu limeneli ndi lochindikala nanometre imodzi yokha. M'madzi opanda mchere wambiri limafika ma nanometre makumi angapo. Mukalumikiza magetsi kumapeto onse awiri a kanjira, gulu lija limayenda n'kukoka madzi onse. Pampu yopanda chozungulira chilichonse. Ferdinand Reuss anaziona ku Moscow pogwiritsa ntchito dothi ndi mchenga, n'kuzilemba mu 1809. Koma kanjira kakachepa kufika ma nanometre ochepa, magulu a makoma awiri aja amakumana pakati, ndipo kanjirako kamasanduka mlonda wapageti: apozitivu lowani, anegetivu bwererani. Amene akufufuza zosefera mchere m'madzi a m'nyanja yaikulu maso awo ali pamenepa.

Palinso lamulo lina lakale lomwe limagwedezeka. Nthawi zonse timaphunzitsidwa kuti madzi okhudza khoma la paipi saayenda, amamatirira, ndipo liwiro limakula ukamapita pakati. Poiseuille uja anatsamira pamenepo. Koma mu 2005 ndi 2006, magulu awiri ku America anayeza madzi odutsa m'timapaipi ta kaboni, ma carbon nanotube, n'kupeza kuti akuthamanga mowirikiza mazana kapena zikwi kuposa mmene lamulo lija likunenera. Makoma ake ndi osalala kwambiri ndipo sakoka madzi, ndiye madzi amangotsetsereka ngati therere pakhosi.

Thupi lanu linayamba kale zimenezi. Pa khungu la maselo pali timabowo totchedwa aquaporin, topapatiza moti mamolekyu a madzi amadutsa mmodzimmodzi, koma mabiliyoni pa sekondi, mchere osaloledwa. Impso zanu zimasefa malita pafupifupi 180 pa tsiku, n'kubweza pafupifupi onse m'thupi, mkodzo n'kungotsala lita imodzi ndi theka. Gawo lalikulu la madzi obwererawo limadutsa m'timabowoti. Peter Agre, amene anatitulukira, analandira mphoto ya Nobel mu 2003, ndipo pambuyo pake anatsogolera kafukufuku wa malungo ku Johns Hopkins, amene mbali ina amachitira ku Macha, ku Zambia. Asayansi atengeranso nzeru ya kabowo. Kachipangizo ka MinION, ka kampani ya Oxford Nanopore, n'kochepa kuposa foni. Kamakoka ulusi wa DNA kudzera pa kabowo ka nanometre imodzi kapena awiri, n'kumayeza mmene magetsi odutsa pabowopo akusinthira, ndipo potero kamawerenga DNA. Mu 2015 anakanyamula m'masutikesi kupita nako ku Guinea kukatsatira mmene Ebola inkafalikira.

Koma musachoke pano mukuganiza kuti kuchepa ndi yankho la zonse. Tiwerenge limodzi. Zoyezera malungo zimayesedwa pa magazi okhala ndi tizilombo 200 mu microlitre imodzi. Ma microlitre asanu, ndiye tizilombo 1,000 m'dontho, zokwanira. Koma matenda ena a m'magazi mutha kupeza mabakiteriya 10 okha mu mililita yathunthu. Dontho lomwe lija ndi gawo limodzi mwa magawo 200 a mililita. Ndiye pa madontho 20, limodzi lokha ndi lomwe lingakhale ndi kachilombo. Chipangizo chanu chikhale chanzeru bwanji, sichingapeze chomwe mulibe m'dontho. N'chifukwa chake pa matenda ena amatengabe magazi odzaza botolo pamkono. Ku America kunali kampani ya Theranos, ya Elizabeth Holmes, yomwe inalonjeza kuyeza matenda ambirimbiri ndi timadontho ta pachala. Anthu olemera anathiramo madola mamiliyoni mazanamazana. Makinawo sankachita zomwe ankanena, ndipo mu 2022 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wonamiza oika ndalama, n'kumulamula kukakhala kundende zaka zoposa 11.

Nayi ntchito yanu, sifuna ndalama. Dulani kampango ka pepala lofewa la kuchimbudzi kapena la nyuzipepala, kotalika masentimita 15. Lembani ndi pensulo timizere pa sentimita iliyonse. Thirani madzi pang'ono m'sosala, mutsikemo kachidutswa ka tiyi kuti aoneke. Goneketsani pepalalo pa thumba lapulasitiki patebulo, nsonga imodzi yokha ikhudze madzi. Ndi wotchi ya pafoni, lembani nthawi yomwe madzi afika pa sentimita 2, pa 4, ndi pa 8. Ngati Washburn ananena zoona, nthawi ya pa 4 ikhala pafupifupi kanayi ya pa 2, ndipo ya pa 8 ka 16. Kenako bwerezani ndi mafuta ophikira. Loweruka likudzali aliyense abwere ndi manambala ake, tidzawaike pabolodi. Amene adzakopere kwa mnzake ndidzamudziwa, chifukwa mapepala awiri sangafanane mpaka sekondi yomaliza.

Ngati pali mafunso, kwezani manja.